Olemba mapulogalamu a ku Mzuzu asamadikire msonkhano wa kunyanja

Chaka ndi chaka akatswiri a zamakompyuta m'dziko muno amakumana pamsonkhano waukulu wa bungwe lawo la ICT Association of Malawi, lomwe ambiri amangoti ICTAM, ndipo kawirikawiri msonkhanowu umachitikira kunyanja, ku Mangochi. Munthu wa ku Zomba kapena ku Blantyre akanyamuka m'mawa, nkhomaliro amakadyera komweko. Mnyamata kapena mtsikana wolemba mapulogalamu a pakompyuta amene amagona ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Luwinga amathera tsiku lonse pamsewu: atsike ku Nkhata Bay, adutse Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, akakhotere pa Golomoti. Akafuna kudzera ku Chikangawa ndi Kasungu, ndiye kuti Lilongwe yokha ili pamtunda wa makilomita oposa 350, ulendo usanathe n'komwe. Onjezanipo ndalama yolembetsera ndi ya malo ogona, mupeza kuti amene amapitako ndi amene kampani kapena ofesi yawo yawalipirira. Wophunzira wa chaka chachitatu, ngakhalenso uja amadzilemba yekha ntchito m'chipinda cha lendi, amangoona zithunzi pa Facebook.

Msonkhano wotere uli ndi ntchito yake, ndipo ndi yofunika. Ndi pamene akuluakulu a makampani, a boma ndi a MACRA amakambirana za malamulo, za mitengo ya intaneti ndi za chitetezo cha makompyuta. Koma munthu saphunzira kulemba khodi atakhala pampando wa m'holo ya hotela, maso ali pa pulojekita, m'manja muli botolo la madzi. Luso limeneli limalowa kudzera m'zala, munthu atakhala pambali pa mnzake womuposa, akulimbana ndi vuto lenileni. Maphunziro otero safuna nyanja, ndipo Mzuzu ikhoza kumadzichitira yokha mwezi uliwonse.

Kwa amene sali m'ntchitoyi, nkhani yake ili motere. Mukaimba *211# kapena *444# pafoni kuti mutumize ndalama kumudzi, mndandanda umene umabwera uja, ndi zonse zimene zimachitika kuseri kufikira ndalama itafika, analemba ndi munthu, mzere ndi mzere, m'chilankhulo chimene kompyuta imamva. Zilankhulozi n'zambiri ndipo chilichonse chili ndi kumene chimathandiza kwambiri. Python, imene Guido van Rossum wa ku Netherlands anaitulutsa mu 1991, ndi imene ambiri amayambira chifukwa imawerengeka mosavuta, komanso ndi imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri posanthula manambala. Chaka cha 1995 chokha chinabala Java, JavaScript, PHP ndi Ruby. Vuto n'lakuti zinthuzi sizikhala malo amodzi. Kwa zaka zambiri wofuna kupanga pulogalamu ya foni ya Android ankaphunzira Java, koma mu 2017 Google inavomereza Kotlin, ndipo mu 2019 inalengeza kuti Kotlin ndiye ikhale patsogolo. Silabasi ya kuyunivesite imatenga zaka kuti isinthidwe, poti imadutsa m'makomiti ambiri. Ndiye amene anatenga digiri zaka zisanu zapitazo, ngati sanapitirize kuphunzira payekha, lero ali m'mbuyo. N'chifukwa chake padziko lonse olemba mapulogalamu anazolowera kuphunzitsana okhaokha pamisonkhano yawo, yaikulu ndi yaing'ono.

Anthu oti aphunzitsane ku Mzuzu alipo, ndipo si adzulo. Yunivesite ya Mzuzu, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997 n'kulandira ophunzira oyamba mu 1999, ili ndi dipatimenti ya ICT imene yatulutsa anthu amene lero akugwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi m'mabungwe. Pasukulu yomweyi wansembe wa ku Ireland, Bambo John Ryan, amene mu 2016 anasankhidwa kukhala episikopi wa Dayosizi ya Mzuzu, anaphunzitsa kwa zaka zambiri masamu ozama okhudza katetezedwe ka uthenga kuti usasokonekere kapena kuwerengedwa ndi osayenera. Mmodzi mwa amene anatenga digiri yachiwiri m'maphunziro amenewa pasukuluyi ndi mayi Rachel Sibande, amene pambuyo pake anakayambitsa mHub ku Lilongwe, malo oyamba m'dziko muno osonkhanirako achinyamata a luso la makompyuta. Yunivesite ya Livingstonia, ya Sinodi ya Livingstonia, nayo ili ndi ophunzira ake a zamakompyuta. Ndipo kuyambira 2017 pali Mzuzu E-Hub, imene anayambitsa mayi Wangiwe Kambuzi, yomwe yakhala ikuphunzitsa achinyamata zamalonda ndi zamakompyuta, kuphatikizapo kudzera mu pulojekiti ya Digital Malawi imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza mu 2017 ndi ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni. Mzinda umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu 221,272 sungalephere kudzaza chipinda chimodzi ndi olemba khodi makumi atatu Loweruka limodzi pamwezi.

Chimene chikusowa si maphunziro oyambira. Amenewo akuchitika, ndipo ndi abwino: kuphunzitsa mwana wa Fomu 4 kutsegula imelo, kupanga tsamba lake loyamba la pa intaneti, kuona kuti kompyuta imamumvera. Chosowa ndi sitepe yotsatira. Amene wadziwa kale chilankhulo ayenera kuphunzira kugwira ntchito m'gulu, kuwerenga khodi ya mnzake, kuyesa zimene walemba zisanafike kwa anthu, ndi kupereka ntchito imene mwini wake angaigwiritsedi. Apa ndi pamene pamalowa njira imene anthu a ntchitoyi amaitcha Agile.

Mu February 2001 anthu 17 olemba mapulogalamu anakumana pamalo otchedwa Snowbird m'chigawo cha Utah ku America. Anali atatopa ndi kagwiridwe ka ntchito kakale, kamene kankafuna kuti mwini ntchito alembe zofuna zake zonse m'chikalata chachikulu pachiyambi, akatswiri apite kukadzitsekera kwa chaka kapena ziwiri, n'kubwera ndi chinthu chomalizidwa. Nthawi zambiri chinthucho chinkafika zinthu zitasintha kale, kapena mwini ntchito ankachiona n'kunena kuti sizimene ankatanthauza. Anthu aja analemba kachikalata ka mfundo zinayi zikuluzikulu ndi zina khumi ndi ziwiri zozifotokozera. Mwachidule, ankati anthu ndi kukambirana kwawo n'zofunika kuposa ndondomeko ndi zida, pulogalamu yogwira ntchito iposa mulu wa mapepala oifotokoza, kugwirira limodzi ndi mwini ntchito kuposa kukangana pa kontirakiti, ndipo kulola kusintha kuposa kukakamira pulani yoyamba.

Telala wabwino wa pakhonde la sitolo amachita zomwezi. Akakuyezani sasoka suti yonse mpaka mabatani. Amadula, n'kulumikiza ndi ulusi wongogwirizira, n'kukuitanani kuti mudzayese. Paphewa pakathina amamasula nsalu isanaonongeke.

Pansi pa dzina la Agile pali njira zingapo. Yotchuka kwambiri ndi Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza pamsonkhano wa akatswiri ku Austin, Texas, mu 1995. Gulu limagawa ntchito m'zigawo zazifupi zotchedwa sprint, zosapitirira mwezi, ndipo ambiri amakonda masabata awiri. Tsiku lililonse amakumana kwa mphindi 15 kuti aone pamene afika ndi chimene chawatsekereza. Chigawo chikatha amaonetsa mwini ntchito chinthu chogwira ntchito, osati lipoti, kenako amakhala pansi okha kudzifunsa chimene chayenda ndi chimene asinthe. Njira ina ndi Extreme Programming ya Kent Beck, amene buku lake linatuluka mu 1999. Iyi imakhudza kalembedwe ka khodi penipeni: anthu awiri pakompyuta imodzi, wina akulemba wina akuyang'ana n'kumaganizira zakutsogolo, kenako n'kusinthana, komanso kulemba kaye kamayeso ka khodiyo musanalembe khodi yeniyeniyo.

Kuti timvetse kufunika kwa zimenezi tisapite kutali. Pakati pa 2013 ndi 2017, Yunivesite ya Mzuzu, University College Cork ya ku Ireland, bungwe la Luke International ndi ena anagwirira limodzi pulojekiti yotchedwa Supporting LIFE, ndi thandizo la European Union. Anapanga pulogalamu ya pafoni yothandiza alangizi a zaumoyo, ma HSA, poyeza ana osapitirira zaka zisanu m'zipatala za m'midzi, ndipo anaiyesa m'maboma a Rumphi ndi Nkhata Bay. Mlangizi amagwiritsa ntchito fomu ya mwana wodwala, imene imamutsogolera pa malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba, n'kumuuza mwana woti amupatse mankhwala pomwepo ndi woti amutumize kuchipatala chachikulu. Pulogalamu ija inali kutenga nzeru za fomuyi n'kuziika mufoni.

Tsono taonani lamulo limodzi lokha la m'fomuyo. Malinga ndi bungwe la WHO, mwana wa miyezi 2 mpaka asanakwane miyezi 12 akupuma mofulumira ngati akupuma ka 50 kapena kuposa pamphindi. Wa miyezi 12 mpaka asanakwane zaka 5, ka 40 kapena kuposa. Wolemba khodi akalakwitsa kachizindikiro kamodzi, n'kulemba "kuposa 50" m'malo mwa "50 kapena kuposa", mwana wopuma ka 50 ndendende abwerera kwawo osalandira mankhwala a chibayo. Nanga mwana amene wakwanitsa miyezi 12 lero lomwe, agwere mbali iti? Wozolowera kulemba mayeso choyamba amayamba ndi mafunso amenewa: amalemba kuti mwana wa miyezi 11 wopuma ka 49 asadziwike ngati wopuma mofulumira, wopuma ka 50 adziwike, wa miyezi 12 wopuma ka 40 adziwike. Akatero amalemba khodi yokhoza mayesowo, ndipo mayesowo amatsala m'pulogalamu, kotero kuti wina akadzasintha chinthu chaka chamawa n'kuphwanya lamulolo mosadziwa, kompyuta idzamuchenjeza nthawi yomweyo. Ine ndimakhulupirira kuti ola limodzi lochita zimenezi awiriawiri limaphunzitsa zambiri kuposa nkhani khumi zokambidwa pansanja.

Ndipo pali zina zimene mayeso sangakuuzeni. Foni ikuwerengeka bwanji padzuwa la ku Usisya? Mlangizi amene dzanja limodzi wagwira mwana wolira adina bwanji kabatani kakang'ono? Netiweki ikasowa masiku atatu m'mapiri a ku Rumphi, zimene walemba zisungika kuti, ndipo zikatumizidwa kawiri zidzawerengedwa kangati? Mayankho ake ali ndi mlangiziyo, ndipo amatuluka pokhapokha mukamupatsa chinthu choti agwire msanga, chisanathe, n'kumuyang'ana akuchigwiritsa ntchito. Ndiwo mtima wa Agile umenewo. Zina zonse ndi zongothandizira.

Malawi anazidziwa kale zimenezi kudzera ku Baobab Health, imene Gerry Douglas anaiyambitsa kuchipatala chachikulu cha ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ataona kuti anamwino ndi makalaliki ambiri sanagwirepo kiyibodi, anapanga makompyuta ongodina pagalasi, osadya magetsi ambiri, oyendera mabatire magetsi akazima, ndi timapepala ta mizere tomata pabuku la kuchipatala. Mapulogalamu ake, makamaka osungira mbiri ya olandira ma ARV, analembedwa mu Ruby on Rails ndi Amalawi, ndipo mmodzi mwa iwo, Soyapi Mumba, anakafotokoza ntchitoyi pamsonkhano wa TEDGlobal ku Arusha mu 2017. Kumpoto kuno Luke International yakhala ikugwira ntchito yofananayo m'zipatala, kuphatikizapo chipatala chachikulu cha Mzuzu chimene dziko la Taiwan linamanga. Ndiye kuti mumzinda momwemuno muli anthu amene anakhalapo usiku wonse akukonza makina a chipatala kuti m'mawa odwala asabwezedwe. Amenewa ndiwo aphunzitsi amene tikuwasowa pamaso pa achinyamata, ndipo ambiri a iwo palibe anawapemphapo kuti adzaime kutsogolo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa.

Choyamba ndi chizolowezi chathu cha mawekishopu. Tinazolowera kuti maphunziro ndi masiku atatu kuhotela, chikwangwani pakhoma, mlendo wolemekezeka wotsegulira, tiyi wa 10 koloko, alawansi ndi satifiketi. Agile ikalowa m'chikombole chimenechi imatsala makoko okha. Anthu amabwerako akudziwa mayina: sprint, backlog, Scrum Master. Amamata timapepala tachikasu pakhoma, m'mawa uliwonse n'kuimirira mphindi 15, koma msonkhanowo n'kusanduka wopereka malipoti kwa bwana, ndipo mwini ntchito osaonetsedwa kanthu mpaka tsiku lomaliza. Vutoli si la kuno kokha. Ena mwa amene anasaina kachikalata ka ku Snowbird akhala akudandaula poyera kuti Agile inasanduka malonda a masatifiketi. Koma kwa ife zimapweteka kwambiri, chifukwa mayeso a masatifiketiwo amalipiridwa m'madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama imene mnyamata angalipire pepala limodzi lotere ikhoza kugulira gulu lonse bandulo ya miyezi ingapo.

Chachiwiri n'chozama, ndipo olemba khodi sangachithetse okha. Makasitomala akuluakulu m'dziko muno ndi boma, makhonsolo ndi mabungwe othandizidwa ndi ndalama zakunja. Onsewa amagula kudzera m'matenda, ndipo tenda imafuna kuti zonse zilembedwe pachiyambi: chimene chidzapangidwe, mtengo wake, tsiku lomaliza. Pogula matumba a simenti kapena mipando ya sukulu njirayi ndi yoyenera, ndipo imateteza ndalama za anthu. Pa pulogalamu ya pakompyuta imabweretsa mavuto, poti mwini ntchito amadziwa bwino chimene akufuna pokhapokha ataona choyamba. Kampani yaing'ono ya ku Katoto ikhoza kuphunzira Agile mpaka kuidziwa bwino, koma ngati kontirakiti ikunena kuti malipiro adzabwera zonse zikadzatha, singayerekeze kusintha kanthu pakati panjira. N'chifukwa chake pamaphunziro otere payenera kukhalanso mkulu wogula katundu wa kukhonsolo, wowerengera ndalama wa kubungwe, mlembi wa kopaletivi ya alimi a khofi. Aone ndi maso awo kuti ntchito ikhoza kugawidwa m'zidutswa, chilichonse n'kulandiridwa ndi kulipiridwa pachokha, ndalama n'kutetezeka kuposa kale.

Anzathu a m'maiko oyandikana nafe sanayambe ndi zazikulu. Ku Namibia, okonda Python anachita msonkhano wawo woyamba mu 2015 ku Windhoek, mothandizana ndi yunivesite ya dzikolo, ndipo wakhala ukubwerezedwa. Ku Zimbabwe anayamba mu 2016 ku Harare. Misonkhano ing'onoing'ono ngati imeneyi ndi imene inabala PyCon Africa yoyamba ku Accra, Ghana, mu August 2019, ndipo wapampando wake anali Marlene Mhangami wa ku Zimbabwe. Mu November 2023 kunachitika DjangoCon Africa yoyamba ku Zanzibar. Kuno kwathu a Kuyesera AI Lab ku MUBAS, motsogozedwa ndi Dr Amelia Taylor, akhala akusonkhanitsa ophunzira pamsonkhano wa IndabaX Malawi. Chimene chimasiyanitsa misonkhano ya mtunduwu ndi ya kuhotela n'chakuti anthu amabwera ndi malaputopu, amakhala ndi nthawi yophunzira pochita, ndipo kawirikawiri amatsiriza ndi kukonza limodzi mapulogalamu enieni. Kupita ku Accra kuchokera ku Mzuzu ndi basi mpaka pabwalo la ndege la Kamuzu, kenako ndege ziwiri, ndiponso madola amene kubanki sapezeka msanga. Mmodzi kapena awiri akapeza mwayi wotero, ndi bwino akabwera asonkhanitse anzawo n'kubwereza zimene aphunzira.

Njira ina yotsika mtengo, imene ndikuona kuti ingayenerere Mzuzu, ndi Coderetreat, imene inayamba ku America mu 2009. Anthu amakumana tsiku limodzi. Amapatsidwa vuto limodzi laling'ono, amakhala awiriawiri kwa mphindi 45, nthawi ikatha amafufuta zonse zimene alemba, amakambirana pang'ono, n'kusintha anzawo, n'kuyambiranso vuto lomwelo ndi lamulo latsopano. Kufufutako kumapweteka koyamba, koma kumachotsa mantha olakwitsa ndi changu chofuna kumaliza, munthu n'kuyamba kusamala za kalembedwe. Wodziwa Python amapezeka wakhala ndi wodziwa PHP, aliyense n'kuona mmene chilankhulo cha mnzake chimathetsera vuto lomwelo. Kunja amakonda kugwiritsa ntchito masewero a masamu otchedwa Game of Life. Ife tikhoza kutenga malamulo a bawo, kapena kawerengedwe ka chiwongoladzanja cha banki mkhonde. Intaneti siifunika kwenikweni ngati zofunika zaikidwiratu m'makompyuta kuchokera pa fulashi.

Za magetsi ziyenera kuganiziridwa pokonza tsikulo, osati kudandaulidwa litafika. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi kumpoto, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anaonongera Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chipinda chokhala ndi sola ndi mabatire n'chofunika kuposa chipinda chokongola. Kukhala awiri pakompyuta imodzi kumathandizanso apa: malaputopu khumi ndi asanu akwanira anthu makumi atatu, ndipo amene alibe yake sabwezedwa pakhomo.

Atsikana asaiwalike, ndipo kungolemba pachikalata kuti onse ndi olandiridwa sikukwanira. Gulu la Django Girls, limene linayamba ku Berlin mu 2014, linasonyeza njira yosavuta: tsiku limodzi, timagulu ta atsikana atatu, kagulu kalikonse ndi wokathandiza pafupi, ndipo zophunzitsira zake zili poyera kwaulere kwa aliyense wofuna kukonza tsiku lotere kwawo. Nthawi yokumana nayo ndi nkhani. Msonkhano wotha 8 koloko usiku umachotsa mtsikana wokhala ku Mchengautuwa kapena ku Masasa amene ayenera kukwera kabaza mumdima. Loweruka masana n'kwabwino. Ndipo pofotokoza, wophunzitsa asachite manyazi kulowa m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa pamene waona nkhope zachita mdima. Khodi idzalembedwa m'Chingerezi, koma funso limene munthu amaopa kufunsa limatuluka msanga m'chilankhulo cha kwawo.

Ena akufunsa ngati zonsezi zikadali ndi phindu, poti kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu November 2022, makina akutha kulemba khodi m'masekondi ochepa. Ophunzira ambiri akuwagwiritsa ntchito, ndipo palibe chifukwa chowaletsera. Koma makinawo amalemba molimba mtima ngakhale pamene alakwitsa, ndipo sanafikeko ku Usisya. Amene satha kuwerenga khodi ndi kuiyesa sangadziwe kuti lamulo la kupuma ka 50 lija lalembedwa molakwika. Palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, limene likuika udindo pa aliyense wosunga mayina, manambala a foni ndi mbiri ya odwala kapena ya makasitomala. Wolemba pulogalamu ya sukulu, ya kiliniki kapena ya kopaletivi ayenera kudziwa zimene sayenera kukopera n'kukaponya m'makina a kampani yakunja pofuna thandizo. Nkhani imeneyi yokha ikhoza kudzaza Loweruka lathunthu, ndipo pangafunike kuitanako loya mmodzi ndi wina wa ku MACRA, limene ndi bungwe lopatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.